Wachira, Nanga Chikwanje Achitha? Za Kubwerera ku Ntchito Pambuyo pa Matenda ku Dwangwa

Dwangwa ndi tauni imene inamera pa nzimbe. Fakitale ya shuga itayamba kugaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anthu anakhamukirako kuchokera m'maboma osiyanasiyana kukasaka ntchito. Mu 1982 kunabwera kampani ya EthCo yotcheza ethanol kuchokera ku molasesi, ndipo mu 1997 minda ndi fakitale zinachoka m'manja mwa Lonrho n'kulowa m'manja mwa Illovo. M'mphepete mwa esiteti muli alimi ang'onoang'ono a nzimbe, m'madambo muli mpunga, ku Ngala ndi m'madooko ena kuli asodzi, pa msewu wa M5 pali a kabaza ndi a geni. Ntchito zimenezi zimasiyana malipiro ndi ulemu, koma zambiri mwa izo zimadalira msana, manja ndi mapapo a munthu.

Matenda nawo sasowa kuderali. Malungo ku Nkhotakota sakhala ndi nyengo yopuma, kunyanja kuli likodzo, kufupi ndi nkhalango kuli kashembe wofalitsa kaodzera, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 sanalambalale midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Onjezanipo chifuwa chachikulu, HIV, BP, matenda a shuga, ngozi za njinga zamoto ndi mabala a chikwanje. Munthu akagonekedwa m'chipatala, Amalawi timadziwa chochita: timapeza gadiyani, timakazonda, timaphika phala, timapemphera. Akatuluka timathokoza Mulungu n'kubalalika. Koma kwa munthu wapantchito, mlandu wina umayamba tsiku limene wafikanso pa geti. Malo ake alipobe? Amupatsa mgwazo wonse tsiku loyamba lomwelo? Akaulephera, amutcha wodwala kapena waulesi?

Malamulo a dziko lino amawerenga bwino masiku amene munthu wajomba ndiponso ndalama za chiwalo chimene chawonongeka. Pa za mmene munthu angabwezeretsedwere pa ntchito pang'onopang'ono mpaka mphamvu zitabwerera, sanena zambiri. Pamenepo ndi pamene anthu ochira amatayira ntchito, chonsecho zambiri zofunika kuti asataye n'zosalira ndalama zambiri.

Zimene lamulo limalonjeza

Gawo 46 la Employment Act, lamulo la ntchito la mu 2000, limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata osachepera 4 pa malipiro onse, ndi masabata ena 8 pa theka la malipiro, chaka chilichonse. Bwana sakakamizidwa kupereka tchuthicho popanda kalata ya dokotala wovomerezeka. Choncho amene wachirira kunyumba kapena kwa sing'anga amabwerera chimanjamanja pamaso pa lamulo, ngakhale mudzi wonse utachitira umboni kuti munthuyo anali gone.

Gawo 57 limanena mosapita m'mbali kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito. Bwana akaona kuti wantchito sakuthanso ntchito yake, ayenera kuyamba wamva mbali ya munthuyo, ndipo nkhani ikafika kubwalo, amene ayenera kuonetsa chifukwa chomuchotsera ndi bwanayo. Wochotsedwa ali ndi miyezi 3 yokadandaula ku ofesi ya leba ya pa boma. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, bwalo limene lingagamule kuti munthu abwerere pa ntchito kapena alandire chipukuta misozi.

Pali gawo lina limene odula nzimbe ayenera kulidziwa kuposa wina aliyense. Ntchito yodula imayamba cha mu Epulo n'kutha cha mu Novembala kapena Disembala, motero wa sizoni sakwanitsa miyezi 12 pa ulendo umodzi. Gawo 43 limati amene walembedwa ndi bwana mmodzimodzi masizoni otsatizana, miyezi yonse imene wagwiradi ntchito iphatikizidwe n'kuwerengedwa ngati yosadukiza. Ndiye kuti wodula amene ali chakumapeto kwa sizoni yachiwiri, kapena amene ali m'sizoni yachitatu, akhoza kukhala atadutsa kale miyezi 12 ija. Amene amatsalira panja ndi wa sizoni yoyamba, yemwenso ndi amene sanazolowere chikwanje ndi dzuwa la kunyanja.

Kuvulala pa ntchito kuli ndi lamulo lakelake, Workers' Compensation Act, nalonso la mu 2000. Bwana amalipira za kuchipatala ndi ndalama za nthawi imene wovulala sakugwira ntchito. Amene walumaliratu moti sangagwirenso ntchito iliyonse amalandira malipiro a miyezi 54, ndipo amene wataya chala kapena diso amalandira gawo la ndalamazo molingana ndi mlingo umene lamulo linaika. Lamuloli limadziwa mtengo wa chala, koma silikakamiza aliyense kufunsa kuti mwini chalacho adzagwira ntchito yanji mawa.

Masabata a lamulo, miyezi ya thupi

Masabata 12 a tchuthi amaoneka ambiri mpaka mutawayerekeza ndi nthawi imene thupi limatenga. Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa miyezi 6. Ambiri amasiya kupatsira anzawo patatha pafupifupi masabata 2 akumwa mankhwala moyenera, ndipo atha kubwerera ku ntchito asanamalize, koma mnofu ndi mpweya zimabwerera mochedwa. Fupa la mwendo likathyoka limatenga miyezi 3 mpaka 6 kuti munthu apondenso mwamphamvu. Mtsempha wa m'dzanja wodulidwa ndi chikwanje ukasokedwa umafuna pafupifupi miyezi 3 usanagwire cholemera. Malungo aakulu amasiya munthu ali wochepa magazi kwa masabata angapo. Za sitiroko n'zosayamba.

Sabata yachisanu ndi imene imasintha zinthu pakhomo. Malipiro atsika theka pa nthawi imene ndalama zikufunika kwambiri: thiransipoti yopita kuchipatala cha boma ku Nkhotakota, mtunda wa makilomita oposa 50, mwinanso mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe, zakudya zobwezeretsa thupi, ngongole ya katapila imene inatengedwa matenda atafika povuta. Apa m'pamene wodwala amachonderera yekha kuti, "Adokotala, ndilembereni kuti ndachira, ana akugona ndi njala." Amabwerera ku ntchito thupi lisanavomere, amagwanso, ndipo kujomba kwachiwiri kumeneko ndi kumene kumamupatsa mbiri ya wojombajomba.

Kukhalitsa kunyumba nakonso kuli ndi mavuto ake. Madokotala a za umoyo wa pantchito anaona kalekale, makamaka pa matenda a msana, kuti munthu akamachedwa kubwerera, mwayi woti adzabwereranso umacheperachepera. Minofu imalobodoka, mantha amakula, malo ake amazolowera munthu wina. Chofunika ndi njira ya pakati, yoti munthu abwerere msanga koma ku ntchito yolingana ndi mphamvu zimene ali nazo tsikulo.

Dziko lino linavomereza kale mfundo imeneyi. Mu 1986 Malawi anavomereza Pangano 159 la bungwe la ILO lokhudza kuthandiza anthu a ulumali kupeza ndi kusunga ntchito. Mu 2009 anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali, lomwe gawo lake 27 limatchula ndondomeko zosunga munthu pa ntchito ndi zomubwezeretsa pa ntchito. Mu 2019 anavomerezanso Pangano 184 la chitetezo ndi umoyo wa ogwira ntchito za ulimi. Chatsala n'chakuti zimene zinasainidwa ku Geneva ndi ku New York zifike m'manja mwa kapitawo wa m'munda.

Kalata ya kuchipatala

Pepala limene limagamula zonse ndi kalata ya dokotala, ndipo kawirikawiri limanena chimodzi mwa ziwiri: munthuyu apume masiku akutiakuti, kapena munthuyu wachira. Pakati pa mawu awiriwa pali anthu ambiri amene angathe zina koma osatha zina.

Mayiko ena anasintha pepala limeneli. Ku Britain, kuyambira mu 2010, dokotala amatha kulemba kuti munthu angabwerere ku ntchito ngati atayamba pang'onopang'ono, atasinthiridwa maola, atachepetseredwa ntchito kapena malo ake ogwirirapo atakonzedwa. Ku Germany, kuyambira mu 2004, wantchito akadwala masabata oposa 6 m'chaka, bwana amalamulidwa kumuitana kuti akambirane mmene angasungire ntchito yake. Pafupi pompa ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, ndondomeko imene inabwera ndi Labour Relations Act ya mu 1995 inalamula kuti bwana asanachotse munthu chifukwa cha matenda ayambe wafufuza ngati angamusinthire ntchito kapena kumupezera ina, ndipo udindowo ndi wolemera kwambiri ngati munthuyo anavulalira pa ntchito.

Kalata yothandiza ku Dwangwa ingamanene zinthu zogwirika. Asawerame nthawi yaitali kwa masabata 3. Asanyamule thumba. Asakhale padzuwa masana. Asayendetse thirakitala pamene akumwa mankhwala obweretsa tulo. Asagwire shifiti ya usiku mwezi uno. Dzina la matenda silifunika kulembedwa, chifukwa kapitawo alibe nalo ntchito. Iye akufuna kudziwa chimene munthuyo angathe.

Pa ichi Dwangwa ali ndi mwayi umene matauni ambiri alibe. Pa esiteti pali chipatala cha Matiki, ndipo madokotala a chipatala cha kampani amadziwa kusiyana kwa ntchito ya wodula ndi ya wokonza makina. Koma kulikonse padziko lapansi chipatala cha kampani chimakhulupirika pokhapokha wantchito atatsimikiza kuti zimene wanena m'chipinda cha dokotala sizikafika ku ofesi yolemba ntchito. Ku chipatala cha boma monga cha Nkhunga nkhani ndi ina: dokotala amene ali ndi mzere wautali pakhomo alibe nthawi yofunsa kuti ntchito ya m'fakitale imalira chiyani. Fomu ya tsamba limodzi yongochonga, yopangidwa ndi unduna wa zaumoyo pamodzi ndi wa zantchito, ikhoza kuchepetsa vutoli.

Mgwazo, dzuwa ndi kapitawo

Kuti timvetse chifukwa chake mawu akuti wachira sakwanira, tiyang'ane ntchito yodula nzimbe pafupi. Munda umatenthedwa kaye kuti masamba apse. Wodula amalowamo m'bandakucha. Amawerama, dzanja limodzi n'kukumbatira mapesi angapo, linalo n'kutema pansi penipeni chifukwa shuga wambiri ali kutsinde. Amaweramuka, amadula nsonga, amaponya nzimbe pamzere, amaweramanso. Amachita zimenezi kambirimbiri mpaka mgwazo utatha, mwaye uli m'maso ndi m'mphuno, thukuta lili kamukamu. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la kunyanja limayamba kuluma tsiku likadali laling'ono.

Thupi limazolowera kutentha kotereku pang'onopang'ono, ndipo munthu akagona kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kuzolowerako kumayamba kutha. N'chifukwa chake bungwe la NIOSH la ku America limalangiza kuti ngakhale munthu wozolowera ntchito ya pamalo otentha, akabwerera asapitirire theka la nthawi yake tsiku loyamba, 60 peresenti tsiku lachiwiri, 80 peresenti lachitatu, n'kufika pa mlingo wonse tsiku lachinayi. Malangizo amenewo ndi a munthu wathanzi amene anangochokapo. Amene wachoka pa dilipi amafuna nthawi yoposa pamenepo. Ku Chichigalpa m'dziko la Nicaragua odula nzimbe ambiri anamwalira ndi matenda a impso, ndipo pa esiteti ya San Antonio kuvulala kwa impso kunachepa atakhazikitsa ndondomeko ya madzi akumwa, nthawi yopuma ndi mthunzi. Amene wangodwala malungo kapena kutsegula m'mimba amalowa m'munda impso zake zitatopa kale.

Vuto n'lakuti pamene malipiro kapena bonasi zimatsatira mgwazo, kuchepetsa mgwazo n'kuchepetsa ufa pakhomo. Wochira amakana yekha ntchito yochepa, amabisa chizungulire, amamwa panado n'kulimbikira. Choncho kubwerera pang'onopang'ono kumatheka pokhapokha malipiro a tsiku atatetezedwa pa masabata oyambawo.

Kapitawo nayenso tisamuweruze msanga. Nzimbe ikatenthedwa iyenera kufika ku fakitale m'masiku ochepa, apo ayi shuga amayamba kuthawa. Kapitawo ali ndi mlingo woti gulu lake likwanitse, ndipo pamwamba pake pali wina womufunsa. Mukamutumizira munthu wa theka la mphamvu koma mlingo wa gulu osautsitsa, mwamuika pakati pa chifundo ndi ntchito yake. Anzake a wochirayo amasenza mbali yake tsiku loyamba ndi lachiwiri mokondwa, koma pofika sabata yachiwiri madandaulo amayamba. Kampani imene ikufunadi kusunga ochira imatsitsa mlingo wa gululo pa masiku amenewo, n'kuphunzitsa makapitawo polandira munthu. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa "Mwabwera, achimwene, mwapezako bwanji?" ndi "Ife timayesa mwasiya ntchito."

Ntchito yopepuka ndi misampha yake

Esiteti yaikulu ili ndi ntchito zamitundumitundu: kutsegula ndi kutseka madzi m'ngalande, kutola nzimbe zogwa, kugawa madzi akumwa, kulemba za m'munda, kulondera pa geti, kusesa, kuthandiza m'sitolo ya zipangizo. Mwa zimenezi muli malo a munthu amene akuchira. Koma ntchito yopepuka ili ndi misampha itatu.

Woyamba ndi woti yopepuka kwa wina ndi yoopsa kwa wina. Wa chifuwa sayenera kupopera mankhwala kapena kugwira pa fumbi. Wa bala la kumwendo sayenera kuponda m'madzi a m'ngalande. Wa khunyu sayenera kuchezera usiku wonse kapena kugwira yekha pafupi ndi madzi ndi makina. Wachiwiri ndi ntchito yopepuka yopanda malire: munthu amaikidwa pa geti n'kuiwalika, luso lake limazilala, ndipo tsiku lochepetsa antchito likafika dzina lake limakhala loyamba. Wachitatu ndi kukondera. Ntchito yopepuka ikamaperekedwa mwa chibale kapena mwa kangachepe, odwala enieni amaisowa, ndipo amene aipeza amanyozeka.

Mankhwala a zonsezi ndi kulemba. Pepala linene tsiku loyamba, ntchito imene munthu apatsidwe, tsiku lokaonananso ndi dokotala, ndi tsiku limene akuyembekezeka kubwerera pa malo ake. Pokambirana pakhale mwini wakeyo, kapitawo, wa ku ofesi, ndipo ngati iye afuna, nthumwi ya yuniyoni. M'minda ya nzimbe bungwe la SPAWUM ndi limene lili ndi mpando woyankhulira antchito pa nkhani zoterezi.

Matenda amene malilime amawakulitsa

Kale kachilombo ka HIV kankachotsa anthu pa ntchito ulendo wosabwerera. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, anthu amene anali atatsanzikidwa kale anabwerera m'minda, m'masukulu ndi m'maofesi. Lero ambiri amamwa piritsi limodzi patsiku ndipo amalandira mankhwala a miyezi 6 pa ulendo umodzi. Akatswiri amene anatsatira othyola tiyi ku Kericho m'dziko la Kenya anapeza kuti oyamba ma ARV ankabwereradi ku ntchito, koma mphamvu zinkabwerera m'kati mwa miyezi, ndipo ena ankadutsira ku ntchito zopepuka. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kuumiriza munthu kuyezetsa magazi kuti alembedwe ntchito, komanso kumuchotsa chifukwa choti ali ndi kachilombo.

Chimene lamulo silingaletse ndi manong'onong'o. Wochira chifuwa chachikulu amaona anzake akupatula kapu yake ngakhale anasiya kalekale kupatsira. Amene anakagonekedwa ku Zomba Mental kapena ku St John of God ku Mzuzu amabwerera ali bwinobwino, koma akangokweza mawu tsiku lina, wina amati, "Zayambiranso." Ambiri otere amasiya okha ntchito popanda wowachotsa, ndipo m'mabuku a kampani mumalembedwa kuti anachoka mwa kufuna kwawo.

Pa chikhalidwe chathu, kufunsa za matenda a mnzako ndi chikondi, ndipo wosafunsa amaoneka wouma mtima. Sitikunena kuti anthu asiye kuzondana. Koma kufunsa kuti munthu wapezako bwanji n'kwina, kufufuza kuti ankadwala chiyani n'kwinanso. Dzina la matenda ndi la mwini wake. Iye ndi amene asankhe womuuza. Udindo wa bwana ndi kumulola kupita ku sikelo ya mankhwala popanda kumudula tsiku, ndiponso kudzudzula wonyoza msanga.

Anthu a kunja kwa mpanda

Zonse tanenazi zikukhudza munthu amene ali ndi nambala ya pantchito. Ambiri ku Dwangwa alibe. Waganyu m'munda wa mlimi wamng'ono wa nzimbe amagwirizana ndi mwini munda pakamwa. Lamulo limazindikira mgwirizano wa pakamwa, koma waganyu akadzitema, umboni woti anali pa ntchito umasowa, ndipo mlimiyo mwina alibe n'komwe ndalama yolipirira chipatala. Mlovi akadwala, malo ake m'boti amatengedwa usiku womwewo, chifukwa chilimira sichikokedwa ndi anthu operewera. Wa kabaza wobwereka njinga akathyoka mwendo, njinga imapita kwa wina. Mayi wa geni ya usipa akatuluka m'chipatala amapeza mpamba utathera ku matenda. Mtukula Pakhomo anapangidwira mabanja ovutikitsitsa opanda wogwira ntchito, osati munthu amene wagwa kwa miyezi itatu. Chimene chimagwira anthu oterewa ndi abale, mpingo ndi kathumba ka zadzidzidzi ka banki mkhonde.

Apa mabungwe amene alipo kale atha kuchitapo kanthu. Magulu a alimi a nzimbe amadula kale ndalama zosiyanasiyana pa malipiro a mlimi. Kagawo kakang'ono kosungira aganyu ovulala kangateteze waganyu ndi mlimi yemwe. Makomiti a m'madooko amene amayang'anira za usodzi atha kugwirizana kuti mlovi wodwala asungiridwe malo ake akachira.

Wa sizoni ali ndi vuto lina losaoneka. Kontirakiti yake imatha yokha, ndipo sizoni yotsatira akhoza kungosaitanidwa, popanda kalata kapena bwalo lomumva. Munthu amene akudziwa zimenezi amabisa matenda chaka chino kuti adzalembedwe chaka chamawa. Pamafunika mfundo yolembedwa yoti masiku amene munthu anajomba ndi kalata ya dokotala asawerengedwe posankha obwerera.

Mbali ya olemba ntchito

Olemba ntchito nawo ali ndi zonena zomveka. Mwini golosale kapena chigayo wa antchito atatu sangalipire wodwala ndi womulowa m'malo nthawi imodzi kwa miyezi itatu. Alipo anthu amene amagula makalata a chipatala, ndipo amaipitsira mbiri odwala enieni. Komanso m'dziko muno katundu yense wa tchuthi cha matenda amasenza bwana mmodzi payekha. Lamulo la Workers' Compensation Act lija linakonza zoti pakhale thumba limodzi la chipukuta misozi limene olemba ntchito onse azisonkhamo, koma kwa zaka zambiri thumbalo linakhala la papepala. Bwana aliyense akamalipira yekha, wodwala amaoneka ngati ngongole yofunika kuithawa.

Komabe kutaya munthu wodziwa ntchito kulinso ndi mtengo wake. Wowotcherera zitsulo, woyendetsa makina ophikira shuga kapena dalaivala wa galimoto yonyamula nzimbe saphunzitsidwa sabata imodzi. Ndipo antchito ena amaonerera. Akaona kuti wodwala amatayidwa, amaphunzira kubisa matenda, ndipo wobisa chizungulire ali pa thirakitala ndi ngozi kwa onse.

Alipo amene sangabwererenso ngakhale patachitika zotani. Kwa iwowa pali kupuma pa ntchito pa zifukwa za matenda, ndipo malamulo a penshoni, kuyambira la mu 2011 mpaka latsopano la mu 2023, amalola munthu wotere kulandira ndalama zake. Koma njira imeneyi iyenera kukhala yomaliza, mafizo ndi ntchito ina zitayesedwa kaye, chifukwa kwa banja lokhala m'nyumba ya kampani kutha kwa ntchito ndi kuthanso kwa pogona. Thandizo la mafizo ndi ziwalo zochita kupanga likadali kutali ndi Dwangwa: ku Kachere ku Blantyre, ku Kamuzu Central ndi ku Mzuzu Central. Ambiri amasiyira panjira chifukwa cha thiransipoti. Katswiri wa mafizo wobwera kuderali pa masiku odziwika angabwezeretse manja ndi miyendo imene panopa imauma chifukwa chosowa woiwongola. Bungwe la MACODA, lomwe linalowa m'malo mwa MACOHA pansi pa lamulo la anthu a ulumali la mu 2024, ndi khomo lina kwa amene akufunika kuphunzira luso latsopano.

Poyambira

Wantchito asadikire kuti malamulo asinthe. Adziwitse bwana msanga akadwala, ngakhale kudzera mwa mkazi wake kapena mnzake. Asunge kalata iliyonse ndi buku la kuchipatala. Akavulalira pa ntchito aonetsetse kuti ngoziyo yalembedwa tsiku lomwelo, ngakhale bala likuoneka laling'ono. Apemphe dokotala kulemba zimene angathe ndi zimene sangathe. Asasaine kalata yosiya ntchito ali pa mphasa, ndipo akachotsedwa akumbukire kuti miyezi 3 ya ku leba sichedwa kutha.

Kwa yuniyoni ndi makampani, zokambirana za chaka ndi chaka zimathera pa maperesenti a malipiro, ndipo m'pomveka poona mmene zinthu zakwerera mtengo. Koma tsamba limodzi lonena za kubwerera pang'onopang'ono, kuteteza malipiro pa masabata oyamba, kusunga chinsinsi ndi kuitananso a sizoni amene anadwala lingapulumutse mabanja amene peresenti iliyonse siwafika ntchito ikatha. Boma nalo liwonjezere mu Employment Act udindo woti bwana ayambe wayesa kusintha ntchito asanachotse munthu chifukwa cha matenda, monga anachitira anzathu a ku South Africa.

Pali nambala imodzi imene kampani iliyonse, sukulu iliyonse ndi ofesi iliyonse ya boma ingawerenge kuchokera m'mabuku amene ili nawo kale: mwa anthu amene anajomba mwezi wathunthu kapena kuposerapo chifukwa cha matenda, ndi angati amene akadali pa ntchito patatha chaka? Makampani amalengeza matani a nzimbe ndi masiku amene adutsa popanda ngozi. Yuniyoni ipemphe kuti nambala imeneyi nayonso iziwerengedwa ndi kulengezedwa chaka chilichonse, a sizoni ali momwemo.